Matayala Anayi a Malemu Lameck

Kabelu kanayamba kulira masanasana, dzuwa lili paliwombo, Wallace Silungwe akutsetsereka yekha pamsewu wa tala wopita ku Karonga m'galimoto ya malemu mkulu wake. Kanali kabelu kaja kamene kamakumbutsa wokhala pampando wakutsogolo kuti amange lamba. Ti-ti-ti. Wallace anadziyang'ana pachifuwa, lamba wake ali chimangire. Anayang'ana mpando wakumanzere. Panalibe munthu, panalibe chikwama, ngakhale nkhuku yomanga miyendo panalibe. Koma kanyali kofiira kankaphethira kuti pampandopo pakhala munthu, ndipo munthuyo ndi wamakani.

Wamakani wosamanga lamba m'banja la a Silungwe analipo mmodzi yekha, ndipo anali ataikidwa m'manda mvula ili pafupi kusiya. Lameck akakhala pampando umenewo ankati lamba amamulepheretsa kutembenuka bwino kuti anyoze woyendetsa.

Lameckyo anali mlangizi wa ziweto. Mkati mwa sabata ankayendera makola, kuyasamulitsa ng'ombe ndi kutukula ziboda, mpaka malaya ake onse ananunkha mankhwala a dibi osachokanso ndi sopo. Lamlungu anthu akatuluka m'tchalitchi ankavula tayi n'kupita Pamatumbo. Awa ndi malo amene msewu umapindikapindika ngati za m'mimba mwa mbuzi, ndipo ndi pamene amuna angapo a pa Boma, okhala ndi timagalimoto ta ku Japan ndi nzeru zochepa, amakapikisana. Sathamangira limodzi ayi, misala yawo sinafike pamenepo. Amanyamuka mmodzimmodzi kuchokera pamlatho kukafika pachimtengo cha mkuyu, wina atagwira foni yoonera nthawi, wina ataima pamtunda kuyang'anira malole ndi apolisi, makamaka apolisi. Lameck ankakhala wachiwiri Lamlungu lililonse limene Mulungu analenga. Woyamba anali mphunzitsi wina wa ku Ntcheu amene sankadzitama n'komwe, ndipo chimenecho n'chimene chinkapweteka kwambiri.

Vuto, malinga ndi Lameck, silinali injini. "Injini ndi mtima," ankamuuza Wallace, "koma chogwira pansi ndi chiboda. Ng'ombe ya mtima wabwino ndi ziboda zowola ndi ndiwo basi."

Anasankha matayala nthawi yaitali kuposa imene anasankhira mkazi. Wallace, amene amagulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda pamsika, ankatseka golosale kuti amuperekeze, n'kumakamvera ulaliki pa mulu uliwonse wa matayala a kaunjika.

"Anthu a kuno tayala amaligula ngati chipeso, kuyang'ana kutalika kwa mano. Mano aatali ndi a matope, iwe. Pa tala wouma umafuna mphira wambiri wokhudza pansi, mizere yochepa, mapewa otakata, m'mbali molimba. Awa a mano ngati ng'ona, ambiri anawapangira dziko la chipale. Uwaike pa tala wotentha, amafewa ngati chingamu, ukakhota galimoto imapita kumene yafuna yokha."

Ankakanikiza chikhadabo pamphira kuona ngati pabwerera. Ankawerama kufunafuna timanambala tinayi ta m'mbali tosonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linabadwa, akapeza kuti ndi lokalamba n'kulipatsa moni waulemu: "Monire, asekuru." Odula kwambiri ankati ndi a anthu a pa kanema. "Iwe ndi ine tikufuna apakati. Atsopano, a dzina losatchuka, koma onse anayi a mayi mmodzi. Ukasakaniza, kutsogolo kumapemphera Chikatolika, kumbuyo Chisabata."

Anawapeza ku Tunduma, kutsidya kwa malire, kwa aTaifa. Anabwera nawo pamwamba pa lole, atakulungidwa m'mapepala onyezimira, n'kuwaika kuchipinda chogona kuopa dzuwa ndi makoswe. Anati adikira mvula ithe, tala aume, ndipo mphunzitsi wa ku Ntcheu adzadziwa kuti Chitipa ili ndi eni ake. Malungo a mu ubongo sanadikire. Anamutenga mapepala onyezimira aja asanang'ambidwe.

Tsiku logawa katundu wa malemu, mpando waukulu unali wa a Yohane, mng'ono wa bambo awo. A Yohane anagwirapo ntchito ya umesenjala kukhoti, ndipo ananyamula mafayilo a oweruza zaka zambiri mpaka chilungamo chinawalowa m'mafupa ngati nyamakazi. Majekete anagawa bwino. Nsapato anagawa bwino. Galimoto anati ipite kwa Wallace, poti ndiye yekha wa chiphaso choyendetsera. Kenako anyamata anatulutsa matayala.

"Zinthu zinayi zofanana sizingalowe khomo limodzi pamene olira ndi ambiri," anatero a Yohane.

Limodzi anadzipatsa okha, monga wogawa. Lina linapita kwa Janet, mlongo wa malemu. Lina kwa msuweni wawo Goodson wa ku Nthalire, amene ali ndi ngolo. Lomaliza analigubuduzira kwa wamasiye, Jennifer, namwino wa ku Thyolo amene anali asanabereke mwana m'banjamo, pamodzi ndi mapoto amene anagula yekha. Wallace ankadziwa bwino kuti tayala limodzi la mtundu umenewo palokha ndi ngati nsapato ya mwendo umodzi. Anatsegula pakamwa. Makiyi a galimoto anali ofunda m'thumba la buluku. Anatseka pakamwa.

Ndiye kabelu katalira tsiku loyamba, lachiwiri, mpaka sabata kutha, Wallace anapita ndi galimoto kwa Brave, fundi wa magetsi wa kuseri kwa msika, munthu amene waya aliyense amayamba wamulawa ndi lilime.

"Mwaghona, bwana wa mpikisano," anatero Brave. "Yadwala chiyani?"

"Ikuona anthu amene kulibe."

Brave anagwada, analowetsa dzanja pansi pa mpando, n'kutulutsa kawaya kachikasu. "Aka ndi kamene kamamva matako. Ndakazula. Tsopano ngakhale mukweze njovu, zii. Tiyeni tikayese, ine ndikhala kumbuyo kuti ndimve bwino."

Anadutsa msika, zii. Anadutsa pa depoti, zii. Atafika pokhota poyamba, matayala akale a kaunjika analira pa tala, ndipo kabelu kanayankha. Ti-ti-ti. Brave anayang'ana kawaya kachikasu kamene kanali m'manja mwake. Anakatembenuza. Ananunkhiza mpweya wa m'galimoto, mawindo ali otseka.

"Mwanyamula mankhwala a dibi?"

"Ayi."

"Imani kaye nditsike. Ndakumbuka kuti ndasiya chitsulo pamoto."

Brave anabwerera ku Boma wapansi. Mawa lake, manyazi atamugwira, anamulangiza Wallace kuti achite zimene amachita a matakisi, kumanga lamba pampando wopanda munthu. Wallace anamanga. Anayenda bwinobwino mpaka Pamatumbo, mtima uli m'malo, anayamba ngakhale kuimba mluzu. Pokhota pachiwiri anamva khatcha. Lamba anamasuka, ndipo sanabwerere mothamanga ngati mmene amachitira lamba womasuka yekha. Anadutsa pampando pang'onopang'ono, monga amachitira munthu akamugwirizira ndi dzanja kuti chitsulo chisamenye galasi. Lameck ankadana ndi anthu omenyetsa chitsulo pagalasi.

Kuyambira pamenepo Wallace anayamba kutha. Chakudya chinkaima pakhosi. Anthu amene kale ankamuimitsa kupempha matola anayamba kuyang'ana kumbali, ena kumuweyulira kuti apitirire, fumbi ndi labwino. M'mawa polowa m'galimoto anadzipeza akunena "mwauka uli, akulu" asanalize injini, ndipo chimene chinkamuopsa n'chakuti ankadikira yankho. Foni ya kasitomala ikalira m'golosale ankagwetsa sikelo. Anaganiza zoigulitsa, koma pa Boma panalibe amene sanamve, ndiponso galimotoyo anaikhumbira zaka zonse zimene ankaitsuka Loweruka kuti Lameck amubwereke Lolemba. Ankafuna galimoto, ankafunanso mtendere, ndipo ankakhulupirira kuti munthu wochenjera sasankha chimodzi.

Brave ndi amene anapeza matenda, ataima patali ndithu ndi galimotoyo.

"Akulu anu za lamba alibe nazo ntchito. Tamvetserani bwino, kamalira matayala akalira. Munthu wagula nsapato zatsopano, inu mwamuika m'manda, nsapato mwagawana imodziimodzi, galimoto yake mukuyendetsa pa zigamba. Mukanakhala inu?"

"Ndiye nditani?"

"Sonkhanitsani onse anayi, timange, mukathamange Pamatumbo kamodzi. Akamva mmene akugwirira pansi, apita. Wakufa safuna zambiri. Amangofuna kudziwa ngati ankanena zoona."

Apa Wallace anaonetsa kuti sukulu ya pamsika si yochepa. Sanapite kwa abale kukapempha, chifukwa chinthu ukachipempha chimakwera mtengo. Anapita pamulu wa kaunjika n'kusankha matayala a mano aatali kwambiri, aja a dziko la chipale, akuda bii atapakidwa polishi.

La a Yohane linali padenga, likupsinja malata kuopa mphepo ya Julayi, mwamwayi lidakali m'pepala lake.

"Mkulu wako aTaifa anamubera," anatero a Yohane, Wallace ali pamakwerero. "Ndinasuzumira mkati. Tayala latsopano lopanda mano? Ndinangokhala chete kulemekeza maliro."

"N'chifukwa chake ndabwera, adada. Sizoona kuti wogawa atsale ndi tayala lopanda mano. Onani ili."

A Yohane analowetsa chala m'mano a tayala la kaunjika mpaka chala chinabisika, n'kunena kuti mwana uyu adzafika patali.

M'tayala la Janet munali nkhuku ikufungatira. Anasamutsa nkhuku, mazira ndi udzu womwe kupita m'tayala lina, nkhukuyo inamujompha kawiri, nkhani inathera pomwepo.

Ku Nthalire ndiye kunali ulendo. Msewu wake ndi uja umakuphunzitsa mayina a mafupa ako onse. Kabelu kanalira kuchokera pamene tala anathera mpaka pakhomo pa Goodson, osapuma, ngati munthu amene akukufotokozera zolakwa zako kuyambira ubwana. Fungo la dibi linadzaza m'galimoto mpaka Wallace anatsegula mawindo onse n'kumadya fumbi. Pena, pamtsetse wina, anamva mpando wakumanzere ukulira kwiii, monga umalirira munthu akatsamira kumbuyo n'kuponda buleki imene kulibe.

Goodson tayala lake anali atalimanga kale pangolo, mbali imodzi.

"Chinthu chaulesi ichi," anatero. "Pakangonyowa pang'ono chimaterereka ngati mlamba. Ng'ombe zanga zayamba kuyenda chammbali."

Wallace anagwada, anapukuta ndowe, anakanikiza chikhadabo pamphira. Panabwerera. Anayendetsa dzanja m'mbali monse kufuna chotupa kapena mng'alu, osapeza, ndipo anazindikira kuti wapendeketsa mutu ndi kuluma lilime ndendende ngati mkulu wake. Anaimirira msanga. Goodson analandira tayala la mano ndi manja awiri, n'kuwonjezapo nkhuku yoyamikira.

Brave anamanga atatuwo, akuyang'anitsitsa kamuvi ka m'mbali kosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulira. Kumbuyo kumanzere kunatsala lakale. Anapukuta manja.

"Atatu ndi mafuwa, bwana, si galimoto. Lachinayi lili kuti?"

Wallace ankadziwa kumene lili. Chigawireni katundu anali asanapondeko, ndipo akamuona Jennifer akubwera pamsika ankapeza chochita pansi pa kauntala.

Jennifer anali atasamukira m'kanyumba ka lendi kufupi ndi kuntchito kwake. Wallace anamupeza masana a Loweruka akuyanika mayunifolomu.

"Odi, alamu."

"Alamu," anatero Jennifer, chopanira zovala chili pakamwa. Anachichotsa. "Ndimayesa munasamukira ku Zambia."

"Ntchito, alamu."

"Ntchito ya mbewu mu Julayi. Lowani."

M'nyumbamo munali mipando iwiri, tebulo, ndi tayala. Linali litatsamira khoma m'pepala lake lonyezimira, pamwamba atayalapo kansalu koluka, ngati wailesi ya mtengo wapatali. Wallace anakhala moliyang'ana chammbali. Anafunsa za ku Thyolo. Anafunsa za odwala. Kenako anakhosomola n'kunena kuti mtima wakhala ukumupweteka poona kuti alamu ake anapatsidwa tayala lopanda mano, ndiye m'buti wabweretsa lina labwino, loti akhoza ngakhale kugulitsa msanga.

Jennifer anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso.

"Mukufuna kundigwira ngati mmene munagwirira adada anu? Janet anandiuza. Alamu, ine matayala amenewa ndagona nawo chipinda chimodzi. Ndinkagona ndikumva za mapewa otakata, ndinkadzuka ndikumva za m'mbali molimba. Tsiku limene matayalawa anabadwa ankalidziwa pamtima, langa ankachita kufunsa Janet. Lanu la m'butilo ndi la chipale, ndaliona mukutsika. Nenani zimene mwabwerera."

Wallace anayang'ana pansi, ndipo poti bodza lachiwiri analibe, ananena zoona. Ananena za kabelu, za kawaya ka Brave, za lamba womasuka pang'onopang'ono. Ankayembekezera kuti namwino amuuza zokayezetsa magazi. Jennifer anaika manja pamaondo n'kusendera pafupi.

"Amabwera kwa inu?"

"Tsiku lililonse."

"Amanunkha dibi?"

"Kwambiri."

Jennifer anayang'ana khoma. "Kwa ine sabwera. Ndimagona mbali imodzi ya bedi kumusiyira malo, ayi ndithu. Amayi anga ku Thyolo anamulota. Mayi wogulitsa tomato paja anamulota akumukongoza. Ine ngakhale kumaloto, ngakhale chifuwa chake chija cha m'mawa. Malaya ake onse munagawana, ndinasowa ngakhale limodzi loti ndinunkhize. Ndinkati mwina anakwiya kuti ine namwino ndinalephera kuona malungo msanga." Anapukusa mutu. "Kani ali busy kukwera galimoto. Mwamuna ameneyu."

Anaimirira, anamanga chitenje bwino, anatseka windo.

"Tiyeni."

"Kuti, alamu?"

"Kumene amalirira."

Sanakhudze chitseko chakutsogolo. Anakhala kumbuyo, kuseri kwenikweni kwa mpando wopanda munthu. Anatuluka pa Boma, kabelu kali zii. Anadutsa minda ya chimanga chouma, akabaza, amayi osenza nkhuni, zii. Wallace, amene kwa miyezi ankapempherera bata limeneli, anayamba kutuluka thukuta. Pagalasi ankaona nkhope ya Jennifer ikuuma pang'onopang'ono, nkhope ya munthu amene wabwera kudzaona wodwala n'kupeza bedi atayalula. Mumtima anati, akulu, chonde, musandichititse manyazi lero.

Pamlatho anaponda mafuta. Pokhota poyamba matayala atatu atsopano anagwira tala ngati nkhupakupa, mwakuti Wallace anamva chiwongolero chikumuyankha asanamalize kufunsa. Koma lakale lija la kumbuyo linakuwa, matako a galimoto anagwedezeka pang'ono.

Ti-ti-ti.

Fungo linabwera pambuyo pake, lochindikala, ngati wina watsegula chitseko cha khola. Jennifer anatseka maso n'kulikoka ndi mphuno zonse. Anatambasula dzanja n'kuliika paphewa la mpando, pamene nsalu inaperepeseka.

"Manga lamba, iwe," anatero motsitsa.

Ti-ti-ti.

"Mwaona, alamu? Ndi yemweyo. Samva."

Wallace anagwiritsa chiwongolero. Maso anali pamsewu, makutu anayesa kuwatseka koma makutu alibe zitseko. Jennifer analankhula ndi mpando uja njira yonse ya Pamatumbo. Anaufunsa chifukwa chimene unabisira mutu kupweteka masiku onse aja, n'kumamwa timapiritsi ta ng'ombe. Anauuza kuti denga la nyumba yatsopano limadontha, kuti anamusintha wodi, kuti mapoto anamubwezera. Anaunyoza kuti munthu wanzeru sasiyira mkazi wake tayala. Kabelu kankalira, kusiya, kuliranso, ndipo Wallace akanalumbira pamaso pa a Yohane kuti kankasiya pamene Jennifer akulankhula n'kuyamba iye akapuma.

Anaima pansi pa mkuyu. Injini inkalira pang'onopang'ono, kabelu nakonso, ngakhale galimoto inali itaima.

"Brave akuti tikamanga lachinayi n'kuthamanga kamodzi, apita," anatero Wallace.

"Ndiye mwabwera kudzandipempha kuti ndimuike m'manda kachiwiri."

"Alamu, ine ndatha. Onani lamba wa bulukuli, ndabowola mabowo atsopano ndi msomali. Sindidya, sindigona. Munthuyu ndi mkulu wanga, ndinkamukonda, koma ali moyo ankatsikako nthawi zina."

"Pitani ku Tunduma mukagule lina."

"Mukudziwa kuti sangalole. Likhala la mayi wina."

"Ndikudziwa." Jennifer sanachotse dzanja pampando. "Tayala lija silituluka m'nyumba mwanga. Ndi lokhalo limene banja lanu linaona kuti likundiyenera, ndipo inu munalipo, simunakhosomole n'komwe. Lero ndadziwa ntchito yake. Likakhala pakhoma paja, uyu sapita kulikonse."

Panadutsa lole ya malasha, galimoto inagwedezeka ndi mphepo yake. Wallace anagwira chiwongolero ndi manja onse. Chinali chosalala pamene zala za Lameck zinkakhala, ndipo zala zake zinali zitayamba kuzolowera malo omwewo. Anali atangolawa kumene, pokhota paja, chimene matayala anayi akanachita. Mphunzitsi wa ku Ntcheu akanalawa kukoma kwa malo achiwiri. Anaganiza zobwera tsiku lina Jennifer ali kuntchito, poti loko wa kanyumba kaja ngakhale supuni ikhoza kutsegula. Atangoganiza zimenezo kabelu kanasiya, ndipo bata limene linatsatira linali loipa kuposa kulira. Anamva kuti akuyang'anidwa kuchokera kumanzere, pafupi, ndi munthu amene watembenuka bwinobwino poti sanamange lamba.

Anazimitsa injini. Anasolola makiyi n'kuwapereka kumbuyo osatembenuka.

"Ndiye khalani nayeni. Ndi galimoto yomwe. Ine sindingathe kusunga mwamuna wa mwini."

Jennifer sanawalandire msanga. "A Yohane adzati chiyani?"

"Adzati tidule makiyi pakati. Asiyeni, ndikawapatsa tayala lina la mano."

"Ine kuyendetsa sindidziwa."

"Ndikuphunzitsani. Koma ndizikhala kumbuyo, kutsogoloku kwadzaza."

Anasinthana pomwepo. Jennifer anakokera mpando kutsogolo, anamanga lamba, anapukuta manja pachitenje. Wallace, ali kumbuyo, anamuonetsa kilatchi ndi giya yoyamba. Galimoto inadumpha ngati chule n'kuzima. Ti-ti-ti.

"Khala chete, ndikuphunzira," anatero Jennifer kumpando wakumanzere, n'kulizanso injini.

Anabwerera ku Boma pa liwiro la maliro, akabaza akuwapitirira n'kumasuzumira. Pakhomo galimoto inaima mopingasa, tayala limodzi lili m'maluwa a eni nyumba. Jennifer sanatsike. Anati akhalamo kaye pang'ono, ali ndi nkhani zina zimene mlamu sayenera kumva. Wallace anatsika, anatseka chitseko mosamenyetsa, n'kuuyamba wapansi.

Dzuwa linali lidakalipo. Mphepo inkaulutsa mapepala pamsewu. Atafika pamsika fungo la chiwaya linamugwira m'mimba ngati ndodo, njala ya miyezi yonse ija itabwera tsiku limodzi. Anakhala pabenchi, anaitanitsa tchipisi ndi nyama ya mbuzi, anadya, anaitanitsanso. Mbale yachiwiri ili pakati anazindikira kuti mawa adzadzuka, adzapita kugolosale wapansi, ndipo palibe amene adzamupatse moni wa m'mawa kapena kumuuza kuti wakhota ngati wakhungu. Pamaliro sanalire, anali wotanganidwa ndi bokosi, mipando ndi mafuta a lole. Misozi inayamba kugwera m'mbale.

"Bwanji, abwana?" anafunsa wachiwaya.

"Utsi wakowu," anatero Wallace. "Nkhuni zaziwisi. Tawonjezera mchere."